Ana a m'chigwa chino aphunzire ubale wa tizilombo, osati mayina okha

M'buku la Biology limene ana athu amawerenga ku sekondale muli kagawo kakafupi konena za gulu la zamoyo lotchedwa Protista. Pamakhala chithunzi cha Amoeba, cha Paramecium ndi cha Euglena, kenako ziganizo zingapo zonena kuti izi ndi zamoyo zing'onozing'ono, zambiri mwa izo za selo limodzi, zimene si nyama, si zomera ndiponso si bowa. Mwana amaloweza, amalemba mayeso, n'kuiwala. Ine ndikuti kwa mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, m'buku lonselo mulibe gawo lomukhudza kuposa limeneli, ndipo mmene tikuliphunzitsira tikumumana nzeru imene akanapita nayo kunyumba n'kukapulumutsa nayo mng'ono wake.

Plasmodium, kachilombo koyambitsa malungo, ndi ka m'gulu limeneli. Entamoeba woyambitsa mtundu wina wa kamwazi ali momwemo, Giardia wotsegulitsa m'mimba ali momwemo, Trypanosoma wa kaodzera amene amafala ndi kashembe ali momwemonso. Tizilombo tina timene nkhupakupa zimasiya m'magazi a ng'ombe, ndi matenda ena oyeretsa masamba a mapira, zonsezi zili m'kagawo kamene mphunzitsi amakatsiriza pa phunziro limodzi n'kuthamangira kwina. Chigwa chino cha Shire chakhala chikuika maliro chifukwa cha zamoyo zimenezi kuyambira kalekale anthu asanadziwe n'komwe kuti zilipo. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato lake litagubuduka mankhwala onse n'kupita ndi madzi. Masiku amenewo azungu ankati malungo amachokera mu mpweya woipa wa m'madambo. Mpaka mu 1880 ndi pamene Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali ku Algeria, anakaona kachilomboko m'magazi a wodwala, ndipo mu 1897 Ronald Ross ku India anakapeza m'mimba mwa udzudzu.

Komabe chondiwawa kwenikweni si kufupika kwa gawolo. Chondiwawa n'chakuti gulu limene tikuuza ana kuti ndi gulu, akatswiri a zamoyo anaona kale kuti si banja limodzi.

Zinayamba chonchi. Carl Linnaeus mu 1735 anagawa zamoyo pawiri, zomera ndi nyama. Koma Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft anali ataona kale, mu 1674, tinthu tosambira m'dontho la madzi a m'nyanja ina yaing'ono kwawoko, ndipo tinthuto tinakana kulowa bwino mbali iliyonse. Euglena ndi wobiriwira, amadzipangira chakudya ndi dzuwa, koma amasambiranso. Umuika kuti? Mu 1866 Ernst Haeckel anatipatsa ufumu wakewake n'kuutcha Protista, ndipo mu 1969 Robert Whittaker anakonza ndondomeko ya maufumu asanu imene mabuku athu akugwiritsabe ntchito. Mukayang'anitsitsa, chimene chinkalowetsa chamoyo mu Protista sichinali ubale ayi. Chilichonse chokhala ndi nyukiliyasi (kachiwalo kosunga malangizo a chibadwa) m'selo mwake chimene chalephera kukhala nyama, chomera kapena bowa, chinkaponyedwa mmenemo. N'chimodzimodzi kuitana mudzi wonse, n'kupatula a Phiri ndi a Banda, kenako n'kuuza otsala onsewo kuti kuyambira lero ndinu a mfunda umodzi.

Asayansi atayamba kuyerekeza DNA ya zamoyo zimenezi, kutanthauza malangizo a chibadwa amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake, gulu lija linabalalika. Mu 2005 akatswiri ambiri motsogoleredwa ndi Sina Adl anatulutsa kagawidwe katsopano kopanda ufumu wa Protista, ndipo anakakonzanso mu 2012 ndi mu 2019. Dzina loti maprotisiti likugwirabe ntchito pocheza ndi pophunzitsa, koma si dzina la mbumba. Zimene anapezazo ndi zoti mwana aliyense angatong'ole nazo maso m'kalasi. Amoeba ali pa ubale wapafupi ndi inu ndi ine, ndiponso ndi bowa, kuposa mmene alili ndi Paramecium amene anajambulidwa naye patsamba limodzi. Euglena wosalakwa uja wa m'thamanda, mbale wake ndi Trypanosoma wa kaodzera. Ndere zobiriwira zili mbali imodzi ndi mapira ndi mlambe. Ndipo Plasmodium, wakupha uja, ali m'banja lalikulu limodzi ndi Paramecium komanso ndi ndere zina za m'nyanja zamchere.

Wina anena kuti zimenezo ndi zosangalatsa ophunzira a ku yunivesite, ife kuno tikufuna mankhwala. Ndiye tamverani. Mu 1996 asayansi anatsimikiza kuti m'kati mwa Plasmodium muli kachiwalo kena kamene ndi kotsalira ka kloroplasiti, kachiwalo kamene zomera zimapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Anakatcha apicoplast. Makolo a kachilombo ka malungo kalekalelo ankadya za dzuwa ngati ndere, ndipo mu 2008 ku Australia kunapezeka mbale wake wina, Chromera velia, amene mpaka lero akudyabe za dzuwa. Plasmodium anasiya zimenezo n'kuyamba kudya magazi athu, koma kachiwaloko sanakataye, chifukwa popanda iko sakhala moyo. Tsono kloroplasiti naye anachokera ku bakiteriya amene anamezedwa ndi selo lina kale kwambiri. N'chifukwa chake doxycycline, mankhwala opangidwira kupha mabakiteriya, amavulazanso Plasmodium, ngakhale amachita pang'onopang'ono kwambiri moti payekha si wochizira munthu amene wadwala kale, ndipo sapatsidwa kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Amoxicillin naye amapha mabakiteriya, koma iye amagumula khoma limene limakuta bakiteriya. Plasmodium alibe khoma lotero. Mungamwe paketi yonse, iye sakhudzidwa.

Pamenepa ndi pamene nkhaniyi imachoka m'buku n'kufika pa golosale. Aliyense amene amakhala m'misika yathu ino anaonapo zimene ine ndimaona kawirikawiri. Mayi wafika ndi mwana kumbuyo, mutu wa mwanayo wagwera paphewa, milomo yauma, maso akungotseguka pang'ono. Amamasula mfundo ya pa chitenje.

"Achimwene, mundipatseko makapusozi anayi ndi Panado. Mwanayu watentha thupi kuyambira usiku."

"Omwe aja a masiku onse, mayi?"

"Omwewo."

Panado atsitsa kutenthako, mwana agona, mayi mtima ukhala pansi. Koma m'magazimo ntchito ikupitirira. Plasmodium falciparum, mtundu umene uli wambiri kuno, akachoka m'chiwindi amalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo pa maola pafupifupi 48 alionse selo limaphulika n'kutulutsa tizilombo tina 16 kapena kuposerapo, tonse tothamangira m'maselo atsopano. Maselo ogwidwawo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono, ngakhale ta mu ubongo. Masiku awiri amene atayika podikira makapusozi opha mabakiteriyawo ndi amene amasiyanitsa mwana womwa LA kunyumba ndi mwana wofika kuchipatala akukomoka, zikhatho zitayera mbee chifukwa cha kuchepa kwa magazi.

Sindikumuweruza mayi ameneyu. Chipatala chili kutali, njinga ya kabaza ikufuna ndalama, ndipo nthawi ya mvula madera ngati Makhanga amadulidwa ndi madzi. Koma mayi yemweyu, kapena mchimwene wa pa golosale uja, kapena mwana wamkulu wa m'nyumbamo, mmodzi mwa iwo anakhalapo m'kalasi tsiku limene Protista ankaphunzitsidwa. Akanauzidwa tsiku limenelo kuti bakiteriya, vairasi, nyongolotsi ndi protisiti ndi zinthu zomangidwa mosiyana kotheratu, ndiye chopha chimodzi sichipha chinzake, bwenzi pali munthu mmodzi m'nyumbamo wonena kuti tiyeni tikayezetse kaye magazi. Alangizi a zaumoyo amalalikira zimenezi tsiku ndi tsiku, koma lamulo lopanda chifukwa chake limaiwalika msanga. Munthu akadziwa chifukwa, sachita kukumbutsidwa.

Mbiri ya mankhwala a malungo m'dziko muno imamvekanso bwino kwa munthu wodziwa kuti akulimbana ndi chamoyo chimene chimaswana ndi kusintha. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar, chifukwa tizilombo tosamva chloroquine tinali titachuluka. Fansidar naye anafooka, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Chochititsa chidwi n'chakuti chloroquine atasiyidwa kwa zaka pafupifupi khumi, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo timene timamumva tabwereranso. Zimenezi zikutiuza kuti kamwedwe kathu ka mankhwala ndi kamene kamasankha tizilombo topulumuka. Munthu womwa LA kawiri n'kusunga otsalawo poti thupi lapepuka, m'malo momaliza kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, akudziika pa ngozi yekha ndiponso akupereka mpata kwa tizilombo tolimba. Katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa mu 2019, Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma oyambirira, nayenso amafuna kufotokoza komweku. Makolo amafunsa kuti bwanji mwana wabayitsa koma wadwalabe, pamene katemera wa chikuku amateteza pafupifupi kotheratu. Yankho lili m'kapangidwe. Vairasi ya chikuku ili ndi majini (tizigawo ta malangizo a chibadwa) 6 okha. Plasmodium ali ndi majini oposa 5,000, ndipo amasintha maonekedwe pochoka mu udzudzu kupita m'chiwindi, pochoka m'chiwindi kupita m'magazi. Katemerayo amachepetsa ngozi ndipo ndi woyenera kumaliza maulendo onse anayi, koma neti isachoke pa mphasa ya mwana.

Za madzi ndinene mosamala. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anatisiya m'misasa, zimbudzi zitagumukira m'zitsime. Klorini anapulumutsa anthu ambiri, chifukwa bakiteriya wa kolera amafa naye msanga, ndipo aliyense apitirize kuthira. Koma Giardia akamatuluka m'thupi amadzikuta m'chigoba cholimba chimene chimapirira klorini kuposa bakiteriya, ndipo Cryptosporidium, mbale wake wa Plasmodium amene amatsegulitsa m'mimba ana aang'ono ndi anthu a chitetezo chochepa, klorini wa m'nyumba samutha. Chimamupha ndi kuwiritsa. Ndiye madzi a khanda kapena a wodwalika, ngati atungidwa pachitsime chosatetezedwa kapena mumtsinje, ndi bwino awire ndithu ngakhale nkhuni zikuvuta. Flagyl amene ambiri amathamangira m'mimba mukangobwadamuka amagwiradi Giardia ndi Entamoeba, chifukwa tizilombo timeneti timakhala mopanda okosijeni ndipo mankhwalawo amasanduka poizoni m'thupi mwawo. Koma kutsegula m'mimba kwa ana kochuluka kumayamba ndi mavairasi, ndipo pamenepo chopulumutsa ndi Thanzi ORS, osati Flagyl.

Kumunda nakonso nkhani ndi yomweyi, ndipo ndi kumene imanyalanyazidwa kwambiri. Mlimi wa mapira amadziwa chomera chimene masamba ake amachita mizere yoyera, kunsi kwa tsamba kumakhala ngati kwawazidwa ufa m'mamawa, kenako tsambalo limang'ambika n'kukhala nyenyeswa, ngala osatuluka. Pa mchewere, ngala imatha kusanduka timasamba tobiriwira m'malo mwa njere. Kwa zaka zambiri zoyambitsa matenda amenewa, pamodzi ndi Phytophthora wa chiwawu cha tomato ndi mbatata ya kachewere amene anagwetsa njala ku Ireland kuyambira 1845, zinkawerengedwa ngati nkhungu, abale a bowa. Zimafanana nazo maonekedwe, koma DNA inaonetsa kuti ndi za banja lina lakutali. Khoma la selo lawo ndi la cellulose pamene la bowa ndi la chitin, ndipo sizipanga ergosterol, mafuta a m'khungu la selo la bowa amene mankhwala ambiri ophera nkhungu amalunjika. Mlimi akhoza kugula botolo labwinobwino, n'kupopera mokhulupirika, matenda osasunthika. Pali mankhwala ngati metalaxyl amene amagwira gulu limeneli makamaka, ndipo pali njira zosafuna ndalama monga kuzula ndi kutentha zomera zodwala msanga komanso kasinthasintha wa mbewu, popeza njere za matendawa zimagona m'nthaka zaka zingapo. Kwa a ziweto, Theileria ndi Babesia a nkhupakupa ndi abale enieni a Plasmodium, mwakuti buparvaquone amene a vetenale amabaya ng'ombe yodwala Theileria ndi wa mtundu umodzi ndi atovaquone wa malungo a anthu.

Ndisasiye anthu akuganiza kuti zonsezi ndi adani. Ambiri mwa maprotisiti alibe nafe chifukwa, ndipo ena tikudya chifukwa cha iwo. Abale apafupi a matenda a mapira aja ndi ndere za selo limodzi zotchedwa diatom, zokhala m'tizigoba ta galasi, zimene zimapanga pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a okosijeni yense wopangidwa pa dziko lapansi chaka chilichonse. Mu Elephant Marsh, ndere zoterezi ndi chakudya cha makakana ndi cha tizilombo tam'madzi timene nsomba zina zimadya, choncho ndiwo za pa msika wa Bangula zimayambira pa tinthu tosaoneka ndi maso. M'chifu cha ng'ombe iliyonse mumadzaza abale a Paramecium othandiza kugaya udzu.

Aphunzitsi ali ndi zoyankha, ndipo ndi zomveka. Oyamba amati mayeso amafunsa maufumu asanu, ndiye ukaphunzitsa zina ulakwitsa ana. Sindikunena kuti maufumu asanuwo afufutidwe mawa. Aphunzitsidwe monga mmene alili, ndondomeko ya mu 1969 imene inathandiza pa nthawi yake, ndipo mwana auzidwe poyera kuti pambuyo pake kunabwera umboni wina. Kumeneko sikusokoneza mwana. Ndi mwayi wake woyamba woona kuti sayansi imakonzedwa umboni ukabwera, zimene zidzamuthandize tsiku limene adzamve kuti mankhwala a malungo asinthidwanso, kuti asadzati achipatala sadziwa chimene akuchita. Ena amati kagawidwe katsopanoko kali ndi mayina ovuta ndipo kakusinthabe. N'zoona, nthambi zina akatswiri akukanganabe. Koma mwana wa Fomu 1 safunika kuloweza Stramenopiles ndi Alveolata. Akufunika mfundo zitatu kapena zinayi zokhazikika: kuti Plasmodium, Babesia ndi Cryptosporidium ndi pachibale, kuti chodwalitsa mapira chija si bowa, kuti Amoeba ndi Paramecium anangokumana patsamba.

Chodandaula chachitatu ndi chachikulu, chakuti masukulu ambiri a CDSS alibe maikulosikopu, ndipo kumene ilipo nthawi zina imangokhala yotsekeredwa kuopa kuti iwonongeka. Apa ndi pamene ndikufuna tilimbikire, chifukwa ndinaona chimene dontho limodzi limachita. Madzi ake anali a m'chithaphwi cha kuseri kwa mjigo, obiriwira pang'ono, otungidwa m'botolo la chakumwa. Mtsikana wina anaika diso, n'kukhala chete nthawi yaitali, dzanja likupotokola pang'onopang'ono. Kenako anadzidzimuka.

"Aphunzitsi, kakuyenda! Kagunda kanzake, kabwerera m'mbuyo, kakhota!"

Anali Paramecium, tiubweya take tikupalasa madzi, ndipo pambali pake panali ka diatom kofiirira kakutsetsereka mwakachetechete. Anzake anayamba kukankhana pamzere. Funso lotsatira silinachokere kwa mphunzitsi. Mnyamata wina anafunsa ngati m'madzi amene amamwa kudimba mulinso zoterezi. Palibe chithunzi cha pa bolodi chimene chinabalapo funso limenelo.

Ndipo chida chake sichilinso chodula monga kale. Manu Prakash ndi anzake ku Stanford anapanga Foldscope, maikulosikopu yopinda ndi pepala yokhala ndi kagalasi kakang'ono, imene zipangizo zake zimakwana pafupifupi dola imodzi, ndipo imaonetsa Paramecium ndi ndere bwinobwino. Mabungwe amene amabwera kuno ndi zidebe ndi maneti madzi akasefukira angathe kubweretsanso zimenezi. Komanso boma la Chikwawa lakhala malo a kafukufuku wa malungo kwa zaka zambiri, kuphatikizapo ntchito ya m'midzi yozungulira Majete ndi ya bungwe lofufuza za matenda la Malawi-Liverpool-Wellcome. Magazi a ana athu aphunzitsa dziko lonse zambiri za Plasmodium. Si kupempha mopyola kunena kuti ofufuzawo azipatula tsiku pa teremu, anyamule magalasi a magazi opaka kale utoto, apite nawo ku sekondale yapafupi, ana aone ndi maso awo Plasmodium wooneka ngati timphete tating'ono m'kati mwa selo lofiira. Masiku ano zipatala zing'onozing'ono zimayeza malungo ndi kachipangizo koonetsa mizere iwiri, chimene ndi chabwino ndi chachangu, koma chachititsa kuti anthu oti anamuonapo Plasmodium ndi maso achepe kwambiri.

Nthawi yochitira zimenezi ndi ino. Ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikubweretsa madzi a mthirira m'minda ya m'chigwa chino, ndipo tonse tikuiyembekezera ndi njala ya zaka zambiri. Koma madzi okhalitsa chaka chonse pamalo otentha ngati ano ndi malo oswanirana udzudzu ndi nkhono za likodzo, ndipo chinyezi chimakondweretsa Pythium woolera mbande ku nazale. Amene adzayang'anire ngalande zing'onozing'ono, kutsegula zotsekeka ndi kukwirira zithaphwi ndi ana omwe ali mu Fomu 1 lero. A Malawi Institute of Education akamakonzanso silabasi, gawo limeneli alipatse masabata m'malo mwa tsiku limodzi, ndi zitsanzo za m'magazi, m'madzi ndi m'minda yathu. A MANEB nawo, m'malo mongofunsa kuti tchulani zamoyo ziwiri za mu Protista, afunse kuti fotokozani chifukwa chimene amoxicillin sachizira malungo. Funso likangolowa m'mayeso, mphunzitsi aliyense kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka adzaliphunzitsa.